Mmisiri wa pa Chinamwali amene anaveka kayaki yanga thanga

Dzina la mmisiriyu sindilitchula. Zina zimene ndilembe pano sizimukomera, komanso ndi munthu woti timapatsana moni ndikamadutsa pa Chinamwali, ndipo ntchito ina ndam'siyiranso. Amene mumayenda msewu wochoka m'tauni ya Zomba kulowera ku Liwonde mukudziwa kuti owotcherera zitsulo ngambiri pamenepo, mageti ndi mafelemu a mawindo atawatsamiritsa pamitengo. Iyeyu ndi mmodzi wa iwo. Kusiyana kwake n'kwakuti anavomera ntchito imene anzake awiri anaikana, wachitatu n'kufuna kuiphweketsa: kuika mlongoti, thanga, chiwongolero ndi mapiko oyandamitsa m'mbali pa kabwato kanga ka pulasitiki, kamene eni ake amati kayaki.

Ndinabadwira kufupi ndi Kachulu, doko la pa nyanja ya Chilwa. Bambo anga anali msodzi wa matemba, koma ine sukulu inandichotsa kunyanja ndili wamng'ono, moti nkhafi ndinadzaigwiranso nditadutsa zaka 50. Kayakiyi ndinagula kwa mzungu wina amene kontirakiti yake inatha, akugulitsa katundu wa m'nyumba ku Mulunguzi. Ndinapita kukaona firiji, ndinabwerako ndi bwato. Mayi a kunyumba anandiyankha ndi mphuno sabata yonse. Ndi yotalika mamita 3.9, yolemera pafupifupi makilogalamu 30, ya mtundu uja umakhala pamwamba osati kulowa m'kati, ndipo ili ndi timabowo toti madzi akakwera pamwambapo azitsika okha. Chaka choyamba ndinkangopalasa. Koma phewa la munthu wa pa desiki si phewa la msodzi. Ndikachoka pa Kachulu kukazungulira cha ku chilumba cha Chisi n'kubwerera, Lolemba ndinkalephera kukweza dzanja kuti ndivale malaya.

Za thanga ndinaziona pa YouTube. Kampani ya Hobie ya ku America imapanga kayaki yotchedwa Adventure Island, yobwera kale ndi thanga lokulunga pa mlongoti, zoyandamitsa ziwiri m'mbali, ndi zopalasira ndi miyendo. Nditaona mtengo wake m'madola n'kuwerengera ndi kwacha yathuyi, imene mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndinangozimitsa foni. Koma chinthucho chinakana kuchoka m'mutu. Ngalawa za asodzi a ku Zanzibar nazonso zimayenda ndi mapiko awiri ndi thanga, ndipo amazisema ndi nkhwangwa ndi kasemasema pagombe. Ndinati ngati iwo amatha, Chinamwali ingakanike bwanji.

Tsiku loyamba ndinapita nayo pa pikapu ya mnzanga wa kutchalitchi. Mmisiriyo anaizungulira kawiri, n'kuigogoda ndi sipanala kuti amve kulira kwake, kenako anati, "Bwana, ichi ndi chigubu chachikulu basi." Ndinaseka, koma ananena zoona. Pulasitiki yake ndi ya mtundu umodzi ndi ya mathanki a madzi, ndipo apa ndi pomwe anandikopa. Ndisanafunse n'komwe anandiuza kuti guluu sagwira pa pulasitiki yotere, ngakhale uja wosakaniza machubu awiri. Chilichonse chiyenera kumangidwa ndi bawuti, ndipo m'kati mukhale kachitsulo kapena kathabwa kotambalala kogawa mphamvu, apo ayi bawutiyo idzazuka pamodzi ndi khungu la bwato. Wachitatu uja anali atandiuza kuti angomata, mawa lake ndikatenge.

Tinajambula zonse ndi choko pa simenti ya pakhonde pake: mitanda iwiri yopingasa, mapiko awiri oyandama, poimika mlongoti, thabwa lolowa m'madzi pambali loletsa bwato kutsetsereka chammbali, chiwongolero, ndi pozika ndodo za mbedza. Tinapangana K150,000 ya manja okha, zipangizo ndigule ndekha, ntchito ithe m'masabata awiri. Ndinapereka theka pomwepo. Inatha m'masabata 7. Sabata yoyamba magetsi, yachiwiri maliro ku Songani, yachitatu ndinapeza kayaki yanga ataikankhira kuseri, nkhuku itaikira dzira pampando, mwini ntchito ali kalikiliki ndi geti la munthu wina amene anabwera ndi ndalama zonse m'manja. Pa izi sindimuikira kumbuyo. Foni amayankha, mwaulemu ndithu, koma "mawa bwana" wake amatanuka ngati legeni. Ntchito inayamba kuyenda nditayamba kutsika minibasi pamenepo madzulo alionse n'kukhala pa benchi mpaka atagwira chinachake.

Pa mapiko tinakangana, ndipo wolakwa ndinali ine. Iye ankafuna paipi ya PVC ya mamilimita 160, ine ndinaumirira ya 110 chifukwa cha mtengo. Anandiyang'ana kuchokera kumutu, maso n'kuima pamimba, n'kunena kuti, "Bwana, inu si mwana wa sukulu." Ndinagulabe ya 110. Patapita miyezi, zitandionekera panyanja, ndi pomwe ndinakhala pansi ndi pensulo. Chidutswa cha mita imodzi ndi theka cha paipi ya 110 chimasunga mpweya wa malita 14 okha, pomwe cha 160 chimasunga pafupifupi 30. Lita imodzi ya mpweya imanyamula kilogalamu imodzi pamadzi, ndiye mukachotsapo kulemera kwa paipiyo, phiko langa laling'onolo silikanatha kusenza ngakhale ndowa imodzi yodzaza. Mawu a akulu akoma akagonera, kungoti apa wamkuluyo ndimamuposa ndi zaka pafupifupi 20.

Mmene anapangira mphuno za mapikowo ndi pomwe ndinaona kuti m'manja mwake muli nzeru. Anasonkha mbaula, n'kumazunguza nsonga ya paipi pamwamba pa makala, osaigunditsa, akuiyesa ndi chala chokulunga sanza, mpaka inafewa ngati chikopa chonyowa. Kenako anaipana pakati pa matabwa awiri, mnyamata wake n'kuimapo ndi miyendo yonse, iye akuikhotetsera m'mwamba pang'ono n'kuthira madzi ozizira. Inatuluka mphuno yopyapyala ngati ya bwato la mtengo, yong'amba madzi m'malo mowakankha. Polumikizira anapakapo guluu wa mapaipi, amene pa PVC amagwira ndithu, n'kukhomapo marivete. M'kati analongamo mabotolo a pulasitiki opanda kanthu, otseka bwino, kuti paipiyo ikadzang'aluka pamwala isadzadzaze madzi yonse. Zimenezo sindinamuuze ine, ndipo m'mavidiyo onse aja sindinazionemo.

Koma wa mageti ndi wa mageti. Mitanda yoyamba anaipanga ndi sikweya chubu yachitsulo, yolimba moti ng'ombe ikhoza kuwolokerapo. Nditaiika pa sikelo ya ogula chimanga inakwana makilogalamu 13, pafupifupi theka la bwato lenilenilo. Kwa iye kulimba ndi kulemera n'chinthu chimodzi. Ndinaikana, n'kukwera basi kukagula machubu a aluminiyamu ku Limbe, pamodzi ndi mabawuti 24 a sitenilesi. Sanabise kuti makina ake sangawotcherere aluminiyamu, ndipo m'malo moyeserera pa katundu wanga anangoboola n'kumanga. Chitsulo chokanidwacho anachisandutsa mashelefu a munthu wina n'kundibwezera theka la mtengo wake osandivutitsa.

Ntchito imene anaigwira bwino kuposa zonse ndi poimika mlongoti, ngakhale siioneka ndi maso. Mphepo ikakankha thanga, mphamvu yonse imathera pa tsinde la mlongoti, ndipo denga la kayaki palokha ndi lofewa. Iye anaboola dengalo, n'kulowetsamo paipi yokhuthala mpaka pansi, pomwe anaikapo chipika cha mlombwa chosemedwa motsatira mimba ya bwato. Anasema, kuyesa, kutulutsa, kusemanso, dzanja lili m'kabowo ka kutsogolo mpaka m'phewa, tsaya atalitsamiritsa pa pulasitiki yotentha ndi dzuwa, akugwira ntchito ndi zala zokha osaona. Pamwamba anamangirira paipiyo ku mtanda wakutsogolo, kuti mlongoti, mtanda ndi mapiko zizilimbana ndi mphepo pamodzi. Mlongoti weniweniwo ndi nsungwi ya mamita atatu, youma bwino, yopakidwa vanishi.

Thanga si iye anasoka. Ananditumiza kwa atelala ena achikulire a mumsika waukulu wa Zomba, ndipo nawonso ndiwanene pang'ono. Tenti ya buluu ija timayanikapo chimanga ndinaiyesa kaye, koma ndi yolemera ndipo dzuwa limaifumbutsa msanga. Ndinapeza chophimba cha tenti yogonamo pa kaunjika, chachikasu, chopepuka, cha timizere ta mabokosi toletsa kung'ambika. Vuto linali kuwauza atelalawo kuti thanga si katani. Likakhala lathyathyathya limangokankhidwa ndi mphepo yochokera kumbuyo. Kuti likoke bwato mphepo ikuchokera pambali, liyenera kukhala ndi mimba. Ndinawapempha kuti mbali yogona pa mlongoti aidule mokhota, yotuluka ndi masentimita 5 pakati, kuti ikamangidwa pa nsungwi yowongoka nsalu yotsalayo ipange mimbayo. Anavula magalasi n'kuti, "Achimwene, ine ndikasoka mokhota anthu amati ndaledzera." Anasokabe, ndi ulusi wa nayiloni wa osoka nsapato, m'makona n'kuwirikiza katatu, ndi mzere wa timingwe tofupikitsira thanga mphepo ikakula. Linatuluka la masikweya mita atatu. Mpaka lero palibe msoko umene wamasuka.

Tsiku loyesa tinafika pa Kachulu dzuwa litangotuluka. Amalume anga, amene akhala akupha nsomba pa Chilwa kuyambira ndisanabadwe, anakhala pa bwato logadabuzika n'kumaonerera ndikumanga mabawuti, ana atatizinga. Sananene kanthu kupatula kufunsa ngati ndatsanzika kunyumba. Ndinavala jekete yoyandamitsa, anyamata a pa doko n'kuseka kuti madzi a m'chiuno omwewa. Ndinapalasa kutuluka mu mpata wa m'njedza, n'kukoka chingwe. Thanga linadzaza kuti phwii, bwato linapendekeka pang'ono, ndipo pansi panayamba kumveka kaphokoso ka madzi kamene sindinakamvepo ndikupalasa. Nkhafi ili pamiyendo, manja ali phee, phiri la Chisi likuyandikira lokha. Ndisaname, ndinakuwa ngati mwana.

Chisangalalocho chinatha pobwerera. Mphepo inali itakula ndipo tsopano inkachokera chakutsogolo. Phiko la mbali yopendekekera linamira lonse, mtanda n'kumakhwekhwereza m'madzi. Mphuno ya bwato inkaloza ku Kachulu koma bwatolo linkapita chammbali ngati nkhanu. Thabwa la pambali linali lalifupi, ndipo analiika kumbuyo kwambiri. Lamulo lake ndi losavuta ukalidziwa: thabwalo liyenera kukhala pafupifupi pansi pa pakati pa thanga. Likapita kutsogolo kwambiri, bwato limangofuna kutembenukira kumene mphepo ikuchokera. Likatsalira kumbuyo, mphuno imathawa mphepo ndipo chiwongolero chimalephera kuibweza. Choipitsitsa, analimanga pa chitsulo chowotcherera chosasuntha. Nditalowa posaya linazika m'matope, bwato linaima mwadzidzidzi, chitsulocho n'kupindika. Ndinatsika, matope m'mawondo, n'kukankha mpaka anyamata awiri a bwato la nsungwi anabwera kudzandikoka, akuseka mpaka misozi.

Apa pali chinthu chimene mmisiriyu sakanachidziwa, chifukwa anandiuza yekha kuti chibadwire sanakwerepo bwato. Chilwa si nyanja ya kuya kumodzi. Madzi amalowa kuchokera ku Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, koma palibe mtsinje wotuluka. Amachoka ndi dzuwa basi. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 anthu ankayenda wapansi pamalo pomwe lero ndimaponya mbedza. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaidzazanso. Ngakhale itadzaza, malo ambiri nsungwi yopondera imafika pansi, ndipo m'madzimo muli matchera, miono ndi zikhomo za asodzi. Chilichonse cholendewera pansi pa bwato chiyenera kutha kudzuka chokha chikagunda kanthu.

Amalume anadzandiyankhula madzulo, tikudya nsima ya makumba. Anagwira mtanda n'kuugwedeza, n'kuti, "Mphwanga, mwamanga ngati mukumanga nyumba. Cha pamadzi chimafuna kupuma." Anatenga malegeni a chubu cha galimoto, n'kumasula mabawuti ogwira mapiko ku mitanda, n'kukulunga mopingasa kasanu ndi kamodzi. Kuyambira pamenepo phiko likagunda funde limagonja pang'ono n'kubwerera, m'malo mogwedeza bwato lonse. Malegeni amafuna kusintha pakapita miyezi ingapo chifukwa dzuwa limawadya, koma mtengo wake ndi wa mandasi.

Chimene chinandikwiyitsa zenizeni chinabwera pambuyo pa maulendo atatu. Ndinaona mizere yofiira ikutsika pa pulasitiki kuchokera pa mitu ya mabawuti ena. Popeza Chilwa ilibe potulukira, madzi ake ndi amchere pang'ono, ndipo chitsulo wamba amachidya mofulumira. Koma ine ndinagula sitenilesi. Ndinatenga maginito a sipika yakale n'kuyesa imodzi imodzi: mabawuti 9 anakakamira zolimba, enawo ayi. Tsiku lomwelo, potsegula kachitseko ka kutsogolo, ndinakapamo madzi okwana chigubu cha malita 5. Ndinapopera mpweya pang'ono m'kati ndi pampu ya njinga, n'kupaka thovu la sopo pa bawuti iliyonse, ndipo ziwiri za kumbuyo zinatulutsa thovu. Analibe silikoni ngakhale dontho. Pa kayaki yotere madzi a m'kati ndi oopsa kuposa a pamwamba, chifukwa suwaona. Umangomva bwato likulemera n'kuyamba kudzandira.

Ndinapita kwa iye nditakonzekera mkangano. Ndinayala mabawuti adzimbiriwo pa benchi osanena kanthu. Anawayang'ana, anaitana mnyamata wake, ndipo zinadziwika kuti asitenilesi ena anathera pa chitseko cha munthu wina tsiku limene anasowa mabawuti, n'kubwezeretsapo wamba poganiza kuti bawuti ndi bawuti. Sanakane, sanaloze mwanayo chala kuti athawirepo. Anati, "Pepani bwana, shopu ndi yanga, kulakwa ndi kwanga." Anatumiza munthu ku Limbe ndi ndalama zake. Ndakumana ndi amisiri ambiri m'tauni muno, a galimoto, a mipope, a malata, ndipo wovomera msanga chotere ndi wosowa. Izi sizifafaniza kuti ndikanamira nazo, koma ndi chifukwa chake ndinabwererako.

Pa ulendo wachiwiriwu sanalipiritse manja, ndipo ntchito inatha m'masiku anayi. Tinasintha mapiko kukhala a 160. Thabwa la pambali analitalikitsa, n'kulisunthira kutsogolo, n'kulimanga pa bawuti imodzi yaikulu yokhala ndi mphira wa tayala pakati, yothina moti limakhala pomwe waliika koma likagunda matope limadzuka lokha. Chiwongolero choyamba chinali cha chitsulo ndi mawaya a mabuleki a njinga, amene anauma ndi dzimbiri. Chatsopano anachidula pa thabwa loyera la pulasitiki lodulirapo nyama, ndi zingwe za nayiloni zopita ku mapazi. Mayi a kunyumba akufunabe thabwa lawolo.

Za usodzi ndinene mosabisa: mapiko amasokoneza. Poyamba anali pakati penipeni, moti nkhafi inkagunda mtanda ndipo nsomba ikafika pafupi chingwe chinkakola pa paipi. Tinawabweza kumbuyo pang'ono kuti kutsogolo kwa mpando kukhale mpata wokokera. Pozika ndodo anadula tizidutswa ta paipi ya mamilimita 40, tiwiri kumbuyo kwa mpando, topendekekera kunja kuti zingwe zisakumane ndi chiwongolero, ndipo tonse tili pa kireti ya mabotolo yomangidwa ndi malegeni, momwe mumakhala nyambo, mpeni, madzi akumwa ndi foni m'botolo la pakamwa papakulu. Nangula anandipangira wa zitsulo za konkire zopinda, koma pa Chilwa ndimangozika nsungwi m'matope n'kumangirira. Chingwe cha nangula chimadutsa pa mphete yoyenda m'mbali mpaka kumphuno, chifukwa kabwato kakang'ono kakamangidwa pambali funde limakagubuduza. Ubwino wa mapiko ndi woti ndimatha kutembenuka, kugwada, ngakhale kuimirira pang'ono. Mlamba ndimauyamba ndi chibonga usanakwere, chifukwa minga yake ya m'mbali pakati pa miyendo ya munthu wokhala pansi si nkhani yoseketsa.

Thanga landifikitsa kumene nkhafi sinkandifikitsa, mpaka ku zimbowera, tinyumba toyandama ta asodzi m'kati mwa njedza, komwe anandilandira ndi tiyi ndi mafunso. Funso lawo loyamba linali loti chinthuchi chimanyamula matumba angati a matemba. Nditati ngakhale limodzi ayi, chidwi chinathera pomwepo. Ali ndi mfundo. Ichi si chida chopezera ndalama, ndipo amene amadya za m'nyanjamo, amene miyezi ya Disembala mpaka Febuluwale amaimika makoka podikira kuti nsomba ziswane, sangataye ndalama pa mapaipi kuti aphe milamba inayi Loweruka.

Mayeso enieni anali ku Cape Maclear, kumapeto kwa Meyi. Kuchokera ku Zomba kudzera ku Liwonde ndi Mangochi ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 200, ndipo zonse zimamasuka n'kukwana pa pikapu; kumanganso pagombe la Chembe kunanditengera theka la ola. Kumeneko muyenera kudziwa malire. Zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo zili m'paki ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 poteteza mbuna, ndipo mamita 100 kuchokera pagombe la paki saloleza kupha nsomba. Ndinkatuluka kaye kutali ndisanaponye. Masiku awiri oyamba anali okoma moti ndinaiwala za mabawuti. Kamphepo ka m'mawa kankandiyendetsa makilomita 5 kapena 6 pa ola malinga ndi foni, liwiro labwino lokokera usipa pa mbedza kumbuyo, mwakachetechete popanda injini. Ncheni zitatu tsiku loyamba, zisanu lachiwiri. Madzi oyera moti thabwa la pambali ndinkaliona lonse likung'amba madzi, ine wozolowera matope a Chilwa.

Tsiku lachitatu ndinachita chibwana. Asodzi a pa Chembe anandiuza kuti mwera wayamba, koma pagombe panali bata, chifukwa mudziwo unabisala kuseri kwa mapiri ndipo mphepo ya kummwera imadutsa pamwamba. Vuto ndi loti mphepo yomweyo, ukangotuluka pamthunzi wa mapiriwo, imakukankhira kunyanja yaikulu, kutali ndi mtunda. Nditadutsa nsonga ya Thumbi madzi anasintha mtundu, kutsogolo kukuoneka timitu toyera. Mphepo ikawirikiza kawiri, mphamvu yake pa thanga imawirikiza kanayi, ndipo izi ndinazimva m'manja chingwe chikundiwotcha. Ndinafuna kutsitsa thanga kuti ndilifupikitse. Linakana. Pamwamba pa mlongoti mmisiri anaikapo kapule kotchipa ka chingwe choyanikira zovala, ndipo chingwe chinadumpha n'kupanikizika pambali pa kagudumu. Thanga lili m'mwamba, likumenya ngati mfuti, phiko la 160 lija likulowa m'funde n'kutuluka, nsungwi itapindika ngati uta. Ndinkangoyembekeza kumva kuthyoka pansi pa mlongoti. Ndinakwawa chogwada, dzanja limodzi pa mtanda, n'kudula timingwe tomangira thanga ku mlongoti mpaka pomwe mpeni unafika, n'kulikulunga ndi manja molimbana nalo. Kenako nkhafi, maola awiri, kulimbana ndi mphepo, mpaka boti la injini la anyamata ochokera kokoka usipa linandiponyera chingwe. Anandilipiritsa, ndipo sindinanenerere.

Madzulo ake ndinatsegula kachitseko ka kutsogolo n'kulowetsa dzanja. Chipika cha mlombwa chinali pomwe anachisiya, osasuntha ngakhale pang'ono, ndipo m'kati munali mouma. Kapule ka mtengo wa botolo la Fanta ndi kamene kanatsala pang'ono kundipereka ku nyanja, ndipo nanenso ndinakaona akukamanga osanena kanthu.

Ndiye kwa amene mwakhala mukundifunsa pa doko ndi ku Matawale ngati mungam'patse ntchito yotere: m'patseni, koma madzi muwadziwe ndinu. Kuboola, kupinda, kusema ndi kupeza njira pomwe palibe chipangizo, pamenepo ndi katswiri, ndipo mukam'bwezera ntchito sakwiya. Kulemera kwa chinthu, dzimbiri, ndi zimene zimachitika mphepo ikakula, zimenezo sizili m'mutu mwake, chifukwa geti silimira. Kanthu kalikonse kodutsa chingwe mugule nokha kabwino, mukayese kukweza ndi kutsitsa thanga kakhumi muli pabwalo, ndipo maginito akhale m'thumba. Zonse pamodzi, ndi maulendo a ku Limbe ndi mapaipi ogula kawiri, zinandidyera ndalama zoposa kawiri zimene ndinauza mayi a kunyumba. Pa Chilwa ndi m'mawa wabata ku Mangochi bwatoli ndi lokwana. Pa mwera silituluka, kaya wapanga ndani.

Panopa pamwamba pa mlongoti pali mphete yosalala ya sitenilesi yopanda gudumu, yoti chingwe sichingapanikizike. Sabata yatha ndinam'pititsiranso kayakiyo kuti aike kampando kokwera pang'ono, msana wayamba kudandaula. Pakhoma la shopu, pansi pa mawu akuti mageti ndi mawindo, ndinapeza atalembapo ndi penti yatsopano kuti amakonzanso maboti. Ndinam'patsa mabawuti 8, kumuwerengera m'manja imodzi imodzi mnyamata wake akuona. Ndinafunsa kuti ndidzatenge liti. Anati mawa, bwana.